Ndemanga yanga pa buku la zoyeserera mawu a Chingerezi cha kuntchito ndi zachuma

Buku limene ndikulifotokoza pano ndi la anthu amene Chingerezi akuchidziwa kale bwino, koma akufuna kukhwimitsa mawu amene amagwiritsidwa ntchito m'maofesi, m'mabanki ndi m'nkhani zachuma. Ine ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja, pamsewu wochokera ku Mangochi boma kupita ku Monkey Bay, ndipo tsiku ndi tsiku ndimalemba makalata opita ku makampani otibweretsera alendo, malipoti opita kwa eni malowa, komanso zikalata za msonkho zopita ku MRA. Maganizo anga ndi akuti bukuli ndi labwino kwambiri pophunzitsa kalumikizidwe ka mawu ndi kalembedwe kaulemu ka kuntchito, koma chuma chimene limafotokoza si chuma chimene tikukhalamo kuno, choncho wogula akhale wokonzeka kudziwonjezera yekha zimene zikusowamo.

Ndinaliitanitsa kwa wogulitsa mabuku wina wa ku Blantyre, ndinalipira pafoni, ndipo linafika pabasi litakutidwa bwino, ngakhale linachedwerapo kusiyana ndi tsiku limene tinagwirizana. Mkati mwake muli mitu yosiyanasiyana monga kufunsira ntchito, malipiro, mgwirizano wa pakati pa wolemba ntchito ndi wolembedwa, ngongole, malonda a pakati pa mayiko ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Mutu uliwonse umayamba ndi nkhani yowerenga, kenako zoyeserera, ndipo mayankho ali kumapeto kwa buku. Palinso zomvetsera zimene munthu amazitsitsa pa intaneti. Pachikuto analembapo kuti ndi la mlingo wa C1, pa muyeso wa ku Ulaya uja woyambira pa A1 kulekezera pa C2, ndipo pamenepa sananame. Wophunzira amene wangolemba kumene mayeso a MSCE, ngakhale atakhoza bwino Chingerezi, adzathera nthawi yambiri mu dikishonale kusiyana ndi m'bukumo, ndipo akhoza kugwa ulesi asanafike patali.

Chimene chandikhutiritsa koposa ndi chakuti bukuli siliphunzitsa mawu paokhapaokha ngati mndandanda woloweza pamtima. Liwu lililonse limabwera pamodzi ndi anzake amene limayenda nawo m'chiganizo, kotero kuti munthu amazolowera kutulutsa chiganizo chathunthu m'malo mosakasaka liwu limodzilimodzi. Limasiyanitsanso mosamala mawu amene ambiri timawasokoneza chifukwa amaoneka ngati akunena chinthu chimodzi. Mutu wokhudza kutha kwa ntchito ndiwo unandithandiza kwambiri pa mfundo imeneyi, chifukwa unafotokoza momveka kusiyana kwa redundancy (kutha kwa ntchito chifukwa chochepetsa antchito) ndi dismissal (kuchotsedwa ntchito), ndipo kusiyana kumeneku si nkhani yokometsera chilankhulo chabe. Malinga ndi lamulo la ntchito la dziko lino la chaka cha 2000 ndi zosintha zake, munthu amene ntchito yake yatha chifukwa kampani ikuchepetsa antchito amayenera kulandira ndalama za chipukuta misozi molingana ndi zaka zimene wagwira, pamene wochotsedwa moyenerera chifukwa cholakwira malamulo a pantchito salandira ndalama zimenezo. Aliyense amene anali pa ntchito zokopa alendo m'chaka cha 2020, alendo atasiya kubwera chifukwa cha mliri wa Covid-19, akukumbukira kuchuluka kwa makalata otere amene analembedwa m'mbali mwa nyanja muno, ndipo kalata yolembedwa ndi liwu lolakwika ikhoza kumufikitsa bwana ku ofesi ya zantchito kapena ku khoti loona milandu ya apantchito.

Gawo lina limene ndimalibwereza ndi la kalembedwe ka makalata. Amakupatsa kalata yolembedwa mwaukali kapena mwachibwana, nakuuza kuti uilembenso mwaulemu koma mosabisa mfundo. Kwa ine amene ndimalondola ngongole kwa makampani amene atigonekera alendo koma akuchedwa kulipira, luso limeneli ndi lofunika kwambiri. Ife tinaleredwa kuti munthu wamkulu sumufunsa ngongole usanamulonjere mokwanira ndi kumufunsa za kunyumba, ndipo ulemu umenewu tikaulowetsa wonse m'kalata ya Chingerezi, wowerenga wa ku Johannesburg kapena ku London amafika kumapeto asanadziwe kuti tikufuna ndalama zingati ndiponso pofika tsiku liti. Bukuli limaonetsa mmene ulemu umaonekera m'kasankhidwe ka mawu ochepa, ndipo kuchokera pamene ndinayamba kutsatira njira imeneyi makalata anga afupika, mayankho nawonso akubwera olunjika pa zimene ndafunsa.

Ndiyamikirenso zoyeserera zofotokoza manambala ndi zithunzi zoonetsa kukwera kapena kutsika kwa zinthu. Pali mawu osiyana onena za mtengo umene wakwera pang'onopang'ono, umene walumpha mwadzidzidzi, ndi umene waima pamodzimodzi kwa nthawi yaitali, ndipo munthu wolemba malipoti m'dziko muno amawafuna onsewo. Banki Yaikulu ya Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chiyambire nthawi imeneyo lipoti lililonse lopita kwa eni malo ogona alendo limayenera kufotokoza chifukwa chimene mtengo wa zakumwa zochokera kunja, sopo wa m'zipinda ndi dizilo wa jenereta sukufanana ndi wa chaka chapita. Kale ndinkangolemba kuti zinthu zakwera, koma tsopano ndimatha kusonyeza kuti zakwera motani, zinayamba liti, ndipo n'chiyani chachititsa.

Vuto lalikulu la bukuli lili pa dziko limene nkhani zake zikuchitikira. Pafupifupi nkhani zonse zowerenga zikunena za anthu a m'mizinda ikuluikulu ya ku Ulaya ndi ku America: wina akufuna ngongole ya zaka makumi awiri yogulira nyumba, wina akudandaula za mtengo wa sitima yopitira kuntchito, wina akukambirana ndi bwana wake zogwirira ntchito kunyumba masiku ena pa sabata. Mawu ake ndi oona ndipo ndi bwino kuwadziwa, koma sindinapezemo mutu wokhudza kusowa kwa ndalama zakunja, mizere ya magalimoto pamalo omwetsera mafuta, kapena kusiyana kwa mtengo wa dola kubanki ndi kwa osintha ndalama a pamsewu, zinthu zimene munthu wa bizinesi ku Malawi amazikamba pafupifupi tsiku lililonse. Malonda ang'onoang'ono osalembetsedwa kuboma angotchulidwa m'ndime imodzi ngati chinthu chachilendo, pamene kuno ndi amene akudyetsa mabanja ambiri.

Tangoganizirani chuma cha boma la Mangochi. Pali asodzi ndi eni makoka, amayi oyanika usipa pathandala, ogula nsomba zopikulitsa amene amazitengera ku Limbe ndi ku Lilongwe, nyengo yotseka nyanja kumapeto kwa chaka kuti chambo chiswane, malonda odutsa pachipata cha Chiponde kupita ku Mozambique, magulu a banki mkhonde m'midzi, komanso ndalama zimene achinyamata athu a ku Joni amatumiza kwa makolo awo ku Namwera ndi ku Makanjira. Mabungwe ambiri amene amalemba anthu ntchito kuno, kaya a zaumoyo, a zausodzi kapena a zachilengedwe ku Cape Maclear, amafuna munthu wodziwa kulemba za zinthu zimenezi m'Chingerezi chomveka kwa opereka thandizo. Wophunzira amene wamaliza bukuli adzatha kufotokoza bwino za msika wa masheya, koma akafunsidwa pa intavyu kuti afotokoze mmene mayi wogulitsa usipa amapezera mpamba, adzayamba kudodoma. Ngakhale pa nkhani za muofesi momwe, zinthu zathu monga ndalama ya 1 peresenti ya malipiro imene olemba ntchito amapereka ku TEVETA, kapena penshoni imene bwana amasonkha 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti, munthu ayenera kuziphunzira kwina.

Njira imene ndinaipeza yothandiza ndi yotenga kachitidwe ka bukuli n'kukagwiritsa ntchito pa zolembedwa za kwathu konkuno. Ndikamaliza mutu, ndimatenga tsamba la zamalonda la nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times, kapenanso chikalata chimene Banki Yaikulu imatulutsa ikakambirana za chiwongola dzanja, n'kudula mzere kunsi kwa mawu amene akuyendera limodzi, kenako n'kulemba ndime yanga yofotokoza nkhaniyo. Ntchito imeneyi ndi yochedwetsa, koma ndi imene yachititsa kuti mawu a m'bukuli akhazikike m'mutu. Ndikanakonda olemba bukuli akanaika masamba angapo olimbikitsa wophunzira kuchita zotere, popeza ayenera kuti akudziwa kuti mabuku awo amagulitsidwa m'mayiko ambiri.

Pa zomvetsera ndili ndi madandaulo awiri. Loyamba ndi lakuti mafayilo ake ndi aakulu ndipo amadya bandulo, komanso netiweki ikaduka pakati, zimene zimachitika kawirikawiri m'madera ena a kunyanja kuno makamaka magetsi akazima, kutsitsako kumayambiranso poyamba. Amene ali ndi mwayi wa intaneti ya kuofesi atsitse zonse nthawi imodzi n'kuzisunga m'foni. Lachiwiri ndi lakuti olankhula onse ndi a katchulidwe ka ku Britain, pamene alendo ndi anthu amalonda amene timakumana nawo ndi ochokera ku South Africa, ku Germany, ku Netherlands, ku India ndi kwina, aliyense ndi katchulidwe kake. Mawu amamveka bwino ndipo liwiro lake ndi la anthu olankhula zenizeni, koma khutu silizolowera mitundu ina ya Chingerezi.

Mayankho a kumapeto nawo ndi operewera. Amangopereka yankho limodzi popanda kufotokoza chifukwa chake, ngakhale pamalo pamene mawu awiri akhoza kukwanira bwinobwino, ndipo zoyeserera zolemba ndime zilibe woziona ngati munthu akuphunzira yekha. Ife tinathana nazo popanga kagulu kakang'ono ndi mphunzitsi wina wa kusekondale pamodzi ndi anzathu ogwira ntchito m'mabungwe, ndipo timakumana Loweruka masana popeza ena mwa ife amapemphera Lachisanu, ena Lamlungu. Pokambirana timamasulirana mfundo zovuta m'Chichewa ndi m'Chiyao tisanabwerere ku Chingerezi, ndipo mikangano ya pa yankho limodzi imatiphunzitsa zambiri kuposa tsamba la mayankholo. Mipata yolembamo m'bukumo ndi yaing'ono kwambiri, choncho ndi bwino kulemba m'kope lapadera, zimenenso zimathandiza kuti buku limodzi ligwiritsidwe ntchito ndi anthu angapo. Pepala lake ndi lolimba, koma guluu wa kumsana anayamba kumasuka m'nyengo yotentha ya Okutobala, ndipo ndinachita kulimata ndi tepi.

Amene ndingawalimbikitse kuligula ndi owerengera ndalama, alembi a m'maofesi, oyang'anira malo ogona alendo, ogwira ntchito m'mabungwe ndi ophunzira a m'makoleji amene amalemba kale m'Chingerezi koma akuona kuti mawu awo ndi omwewomwewo. Amene akukonzekera mayeso a IELTS, oyesa luso la Chingerezi kwa ofuna kukaphunzira kapena kukagwira ntchito kunja, adziwe kuti bukuli lingawathandize pa mawu okha, silikuphunzitsa kayankhidwe ka mayesowo, ndipo adzafunika buku lina. Mtengo wake ndi wokwera poyerekeza ndi malipiro a ambiri a ife, choncho kusonkherana anthu atatu kapena anayi n'kwanzeru. Musanatumize ndalama, funsani wogulitsayo ngati bukulo ndi latsopano ndiponso ngati nambala yachinsinsi yotsitsira zomvetsera sinagwiritsidwepo ntchito, chifukwa mnzathu wina wa m'gulu lathu anagula lakale pamtengo wotsika, koma nambalayo inakana kutsegula.