Nyenyezi zitatu, ndipo yachitatuyo ndi ya mayi amene anandiyankha ulendo wachiwiri

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito app imeneyi yotumizira ndalama kwa akaidi kwa miyezi 8 tsopano, chilowereni achimwene anga kundende. Sikuti ndinachita kuisankha ayi. Ndende yomwe aliyo inapangana ndi kampani imodzi yokhayi, ndiye ukafuna kuti m'bale wako apeze sopo, khomo ndi lomweli basi. Za kandalama kamene amadula kaja sindinenapo zambiri. Nonse amene muli ndi wanu mkatimo mukukadziwa, ndipo mukudziwanso kuti kamapweteka kwambiri ife otumiza pang'onopang'ono, poti amadula ulendo uliwonse.

Chandilembetsa ndi zomwe zinachitika mwezi wathawu.

Kwa amene mwangoyamba kumene, mkaidi sagwira ndalama m'manja. Zomwe timatumiza zimalowa mu akaunti yake, akagula kanthu ku kantini ya m'ndendemo amachotsa mmenemo. Komwe ali achimwene amalembetsa zogula kamodzi pa sabata, Lachinayi. Likakupeza tsikulo mu akaunti mulibe kanthu, basi udikire Lachinayi linalo. Ndiye palinso akaunti ina yapadera, ya foni, yolipirira akamatiimbira kunja kuno. Ziwirizi sizionana n'komwe.

Ine ndinatumiza Lachiwiri usiku nditangolandira malipiro. Nambala ya mkaidi ndinalemba bwinobwino, dzina ndinalemba monga lilili m'kaundula wawo, osati lomwe timawaitanira kunyumba. Ndinayang'ana kawiri. Khadi linadulidwa, lisiti linabwera, ndinagona mtima uli m'malo. Osadziwa kuti app yawoyi imasunga zomwe unasankha ulendo wapitawo, ndipo ulendo wapitawo ndinaika za foni. Ndalama yonse ya mwezi, yomwe tinasonkherana ndi amayi, inathera ku foni. Pa sikirini mawu awiriwo, kantini ndi foni, analembedwa ndi tizilembo ting'onoting'ono, togundana, mtundu umodzi, ndipo palibe pomwe amakufunsa ngati watsimikizadi.

Lachisanu achimwene anaimba. "Achemwali, foni ndiye mwandigulira yokwana chaka, koma munthu sasamba foni." Iwo anaseka, ine sindinaseke. Anali atabwereka sopo ndi mankhwala otsukira mano kwa mnzawo wogona naye chipinda chimodzi, ndipo ngongole ya mkatimo si yochezera. Wabwereka chimodzi, ubweza ziwiri.

Tsiku lomwelo ndinaimbira a customer care. Mphindi 40 ndili chimvetserere kanyimbo kawo kaja. Kenako anayankha bambo wina amene sanandilole n'komwe kumaliza kufotokoza. "Mayi, ndalama ikalowa yalowa." Ndinayambiranso, iye mawu ake omwewo. Kachitatu anawonjezera kuti ndikanawerenga malamulo ndisanadine. Ndinamufunsa kuti malamulo ake ati amanena kuti app izindisankhira yokha, anangoti zii. Nditapempha kuti andipatse akuluakulu ake, foni inaduka. Kaya inaduka yokha, kaya anaidula, Mulungu ndiye akudziwa, koma ine ndili ndi maganizo anga. Chomwe chinandiwawa kwenikweni si ndalamayo. Ndi kalankhulidwe kake, ngati kuti nanenso ndavala yunifolomu ya akaidi. Wolakwa ndi achimwene, chilango akugwira kale. Ine sindinabe cha munthu, ndipo malipiro a bambo ameneyo akuchokera m'thumba mwa anthu ngati ine. Usiku umenewo ndinalemba ndemanga ya nyenyezi imodzi, yodzaza ndi mawu oti amayi sangakondwe kuwawerenga. Mwamwayi sindinaitumize.

Lolemba ndinaimbanso, nkhondo ili kale pakamwa. Anayankha mayi wina. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera, kenako anangopempha nambala ya pa lisiti. Anandifotokozera kuti kampani singasamutse ndalama kuchoka ku foni kupita ku kantini, chifukwa akaunti ya kantini imasungidwa ndi a ndende, osati iwo. Koma akaunti ya foniyo ili m'dzina langa, yolumikizidwa ku nambala yanga, choncho zomwe sizinagwire ntchito atha kuzibweza ku khadi. Ndiye kuti bambo uja ananama, kapena ntchito yake saidziwa. Ndalama inabwerera patatha masiku 6. Kodula kaja sikanabwerere, ndipo potumizanso ku kantini anandidulanso kachiwiri. Zimenezo ndiye zikundinyansabe.

Mayiyo anandiuzanso zinthu ziwiri zomwe kwa miyezi yonseyi palibe anandiuzapo. Ndisanatumize ndiziyamba ndafunsa ngati achimwene sanasamutsidwe, chifukwa mkaidi akapita kundende ina ndalama yake imachedwa kumutsatira. Ndiponso ngati munthu ali ndi chindapusa cha kukhoti chomwe sanamalize, a ndende atha kuchotsako gawo pa zomwe mwatumiza, ndiye mukaona kuti zafika zoperewera musathamangire kunena kuti app yaba.

Kunena chilungamo, kupatula ulendo umenewu, ndalama imalowa msanga, nthawi zambiri pofika mawa lake, ndipo sindiyenera kukwera galimoto kukaima pamzere. Ndinasiyanso kagawo kena ku foni kuja osakabweza, ndipo sabata imeneyo amayi analankhula ndi mwana wawo tsiku lililonse, chinthu chomwe sichinachitikepo chimangidwireni. Anaimba nyimbo akusesa, ine ndikuwamva.

Ndiye nyenyezi ziwiri ndi za app, yachitatu ndi ya mayi uja. Bambo uja sindimupatsa kanthu. Dzulo ndimatumizanso, ndipo kabokosi kosankhira akaunti kaja ndinakapeza katasankha kale foni.