Cable car ndi njinga yamagetsi pa Table Mountain: kodi ndi ulendo woyenera ndalama zake?

Makampani angapo ang'onoang'ono a ku Cape Town amagulitsa ulendo wa tsiku limodzi wophatikiza zinthu ziwiri: kukwera pamwamba pa Table Mountain pa cable car (chibokosi chonyamula anthu chimene chimayenda cholendewera pa zingwe zachitsulo), kenako kupalasa njinga yamagetsi m'mbali mwa phirilo mpaka kunyanja, muli ndi munthu wokutsogolerani. Abale athu a ku Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje amene mumapita kukaona ana kumeneko, tsiku lina mudzauzidwa kuti akulipirirani ulendo umenewu. Maganizo athu ndi akuti musakane, chifukwa ndi wabwino ndithu. Koma umakoma kapena kuipa pa zinthu ziwiri zimene otsatsa malonda sazitchula kwambiri, mphepo ndi mabuleki, ndipo munthu wa kuno kuchigwa ayenera kuzimvetsa asanapereke ndalama.

Choyamba tichotse chisokonezo chimene zithunzi za otsatsawo zimabweretsa. Njinga sikwera nanu pamwamba. Imatsala pansi, pamwamba mumayenda ndi miyendo, ndipo kupalasa kumayamba mukatsika. Ndiye kuti mukugula zinthu ziwiri zosiyana kwa eni ake osiyana: tikiti ya cable car ndi ya Table Mountain Aerial Cableway, pomwe njinga ndi wotsogolera ndi za kampani imene mwalipirayo.

Cable car yokha ilibe chotsutsa. Inayamba kunyamula anthu pa 4 Okutobala 1929, ndipo zimene zikuyenda panopa zinaikidwa mu 1997. Zilipo ziwiri, ina ikamakwera inzake ikutsika, ndipo iliyonse imanyamula anthu 65. Siteshoni yapansi ili mumsewu wa Tafelberg pa mamita 363 kuchokera pamlingo wa nyanja, yapamwamba ili pa mamita 1,067, ndipo ulendowo sutenga mphindi zoposa 5. Pansi pamene mumapondapo pamazungulira pang'onopang'ono mpaka kukwanitsa chizungulire chonse musanafike, choncho palibe chifukwa cholimbirana malo. Aliyense amaona thanthwe, mzinda, doko ndi chilumba cha Robben Island, kumene Nelson Mandela anakhala m'ndende zaka 18. Chokhacho, musakakamire chitsulo cha pawindo: chitsulocho sichiyenda, koma miyendo yanu ikuyenda. Kunsi kwa cable car kuli thanki ya madzi yokwana malita 4,000, yoti izilemera isamagwedezeke ndi mphepo.

Ngakhale ndi thanki imeneyo, mphepo ikakula amatseka, ndipo sakambirana ndi munthu. Miyezi ya Novembala mpaka Febuluwale ku Cape Town kumaomba mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakum'mawa, imene eni dera amaitcha Cape Doctor. Ndi yomweyo imene imayala mtambo woyera pamwamba pa phirilo. Kumatha kucha bwinobwino, koma pofika masana cable car yaima. Ngati muli pamwamba, amaliza lipenga, ndipo mukalimva bwererani kusiteshoni nthawi yomweyo. Wotsalira amatsika wapansi kudzera pa Platteklip Gorge, njira ya masitepe a miyala imene imatha maola awiri kapena kuposa ndipo imatopetsa maondo kwambiri.

N'chifukwa chake kampani yabwino imayamba ndi cable car m'mawa, njinga pambuyo. Ina imachita motembenuza, mwina chifukwa masana mzere umachepa, koma ngozi ya mphepo yonse imagwera inu. Musanalipire funsani mafunso awa, ndipo mayankho ake alembedwe pa WhatsApp kapena pa imelo. Kodi tikiti ya cable car ili m'kati mwa mtengo kapena mukagula nokha? Akatseka, akubwezerani ndalama ya tikitiyo, akupatsani tikitiyo kuti mudzakwere tsiku lina, kapena angowonjezera mtunda wopalasa n'kunena kuti zakwanira? Tikiti yogula pa intaneti imagwira ntchito masiku angapo, choncho yankho loyenera ndi lachiwirilo kapena loyambalo. Lachitatulo likaneni. Dziwaninso kuti zotsitsa mtengo zimene mungamve kwa anzanu, monga kukwera ulere pa tsiku lobadwa, ndi za anthu okhala ndi chiphaso cha South Africa. Pasipoti ya Malawi sikuthandizani pamenepo.

Za kuzizira tisazipeputse. Mukudziwa mmene thupi limamvera mukachoka pa Thabwa thukuta lili kamukamu, minibasi n'kukwera mapiri a Chikwawa, pofika ku Blantyre mukufuna juzi. Pamwamba pa Table Mountain m'pokwera ngati Blantyre, koma kusinthako kumachitika m'mphindi 5, ndipo pali mphepo ya kunyanja yopanda chotchinga. Munthu wozolowera kutentha kopitirira madigiri 40 kwa ku Ngabu mu Okutobala amanjenjemera ngakhale eni dera atavala malaya okha. Tengani jekete lotchinga mphepo lopindika bwino, chifukwa mukadzayamba kupalasa mudzalivula ndipo liyenera kulowa m'chikwama chakumsana. Nsapato zikhale zotseka, zazingwe. Masilipasi ndi nsapato zoterera za kutchalitchi zisiyeni kunyumba. Amayi, chitenje ndi siketi yaitali zimakodwa mu tcheni, ndipo njinga yamagetsi ikakoka nsalu imakoka ndi mphamvu ya mota. Valani thalauza, chitenje chikhale m'chikwama.

Pamwamba amakupatsani ola limodzi kapena ola ndi theka. N'zokwanira kuzungulira tinjira tatatu toyalidwa bwino tapafupi ndi siteshoni, Dassie, Agama ndi Klipspringer, koma n'zosakwanira kukafika pa Maclear's Beacon, pamene pali pamwamba penipeni pa mamita 1,086, chifukwa kupita ndi kubwera kumafuna pafupifupi maola awiri. Mbira za m'matanthwe zilipo zambiri ndipo sizithawa munthu. Musazipatse chakudya, zimaluma.

Tsopano njinga, ndipo apa m'pamene pali nkhani. Ife a kuchigwa njinga timaidziwa. Mnyamata wa kabaza amanyamula munthu wamkulu ndi thumba la chimanga kuchoka pa Nchalo mpaka m'midzi osapuma, ndipo mwana amaphunzira kupalasa asanayambe sukulu. Chimene tilibe ndi mtsetse wautali, ndipo luso la pamalo afulati limapusitsa. Njinga yamagetsi ya m'mapiri imalemera makilogalamu 22 mpaka 25. Mota yake ili pakati, pamene pali mapedulo, ndipo imathandiza pokhapokha inu mukupalasa. Mukasiya kupalasa nayo imasiya. Pokwera chitunda imachititsa munthu wa zaka 60 kuoneka ngati mnyamata. Potsika sithandiza chilichonse, kulemera kwakeko kumangowonjezera liwiro.

Mabuleki ake si a ndodo amene timafinya ndi dzanja lonse. Ndi a mafuta, ogwira pa chimbale chachitsulo cha pakati pa tayala, ndipo chala chimodzi kapena ziwiri zimakwanira. Munthu akadzidzimuka n'kufinya buleki yakutsogolo ndi dzanja lonse monga anazolowerera, tayala limaima pomwepo, iye n'kudumphira kutsogolo kwa chiwongolero. Kugwa kwa ongoyamba kumene nthawi zambiri kumakhala kotere. Musanachoke pamalo, funsani kuti dzanja liti ndi la buleki yakutsogolo, popeza njinga sizifanana, kenako yesani kuima kasanu kapena kupitirira pamalo afulati, poyamba ndi yakumbuyo yokha, kenako zonse pamodzi. Potsika mtsetse wautali musagwire buleki mosalekeza. Chimbale chimatentha, buleki imayamba kufooka ndi kununkha. Gwirani mwamphamvu pang'ono kuti liwiro litsike, tayani, gwiraninso. Chepetsani liwiro musanalowe pakona, osati muli m'kati mwake, ndipo chiuno chikhale chakumbuyo kwa chishalo. Wotsogolera amene sapereka mphindi 10 kapena 15 za zimenezi musanayambe ulendo akuthamangira nthawi yake, osati moyo wanu.

Pali zina zazing'ono zimene zimasokoneza. Poyatsa njinga phazi lisakhale pa pedulo, chifukwa kachipangizo koyeza mphamvu ya mwendo kamasokonezeka ndipo mota imayamba kuthandiza mosayenera. Yambani ndi mphamvu yotsika, imene pa njinga zambiri imalembedwa Eco. Mukanyamuka pa Turbo kapena Boost njinga imalumpha musanakhazikike. Magiya alipobe ndipo ayenera kugwira ntchito: tsitsani giya musanafike pachitunda, ndipo posintha pepukitsani mwendo kwa kamphindi. Kusintha giya mukuponda mwamphamvu, mota nayo ikukoka, n'kumene kumadula tcheni. Chishalo chikwezeni mpaka mwendo uwongoke chidendene chili pa pedulo yapansi. Ambiri amachitsitsa kuti aziponda pansi atakhala, pofika masana maondo akuwawa. Helemeti ndi lamulo ku South Africa kwa aliyense wopalasa njinga, ndipo lamba wake amangidwe mpaka pangotsala malo a zala ziwiri kunsi kwa chibwano. Mwayi wake, amayenda kumanzere ngati kwathu konkuno.

Batire ya njinga zobwereketsa nthawi zambiri imakhala ya 500 Wh (muyeso wa mphamvu imene batire imasunga) kapena kupitirira pang'ono. Kukweza makilogalamu 100, munthu ndi njinga pamodzi, mamita 500 m'mwamba kumafuna pafupifupi 140 Wh, tisanawerengere mphepo, matayala ndi kutentha kwa mota. Ndiye kuti batire yodzaza imakwanira tsikulo mosavuta ngati mukupalasa nanu, koma munthu wolemera thupi amene wakhalira Turbo tsiku lonse, pa batire yakale imene sinadzaze, atha kutsala ndi chitsulo cha makilogalamu 25 choti akankhe. Onani timizere ta batire musanasaine kalikonse. Ngati sitinadzaze, pemphani njinga ina. Jambulaninso njingayo mbali zonse ziwiri ndi foni, makamaka pamene pali zokalika, chifukwa pepala limene amakusainitsani limaika zowonongeka m'manja mwanu.

Njira zimene amakonda kudutsa ndi ziwiri, ndipo kusankha pakati pake n'kofunika kuposa kusankha kampani. Yoyamba ndi yafumbi: mumatsata msewu wa Tafelberg kupita chakum'mawa, kulowa m'misewu ya miyala kunsi kwa phiri la Devil's Peak mpaka ku King's Blockhouse, linga laling'ono limene Angerezi anamanga mu 1796. Mzinda wonse umaoneka pansi panu ndipo kulibe magalimoto, koma miyala yake ndi yoyendayenda, pali timigula todutsa msewu, ndipo dera limeneli lili m'kati mwa Table Mountain National Park, kumene wopalasa njinga amafunika chilolezo cha SANParks, bungwe loyang'anira malo osungira zachilengedwe. Funsani ngati chili m'kati mwa mtengo. Kumenekonso si malo otsalira wekha m'mbuyo, popeza m'mbali mwa phirili anthu amalandidwa katundu nthawi zina. Yachiwiri ndi yatala: kuchokera pa mphambano ya Kloof Nek kukwera Signal Hill, phiri la mamita 350, m'mphepete mwa phiri la Lion's Head, kenako kutsikira ku Camps Bay ndi kutsata gombe kudutsa Clifton mpaka Sea Point. Mukakhala chakumeneko nthawi ya 12 koloko musadzidzimuke ndi mzinga, amauomba masana alionse kupatula Lamulungu ndi masiku a tchuthi. Kwa munthu woyamba, sankhani yatala. Mtsetse wa ku Camps Bay ndi wautali ndipo uli ndi magalimoto, koma tayala limagwira pansi, ndipo m'mbali mwa nyanja n'mosavuta. Za kusamba ku Camps Bay, madzi a Atlantic kumeneko amazizira mpaka kupweteka mafupa ngakhale m'chilimwe.

Wotsogolera wabwino amadziwika msanga. Ku South Africa wotsogolera alendo amayenera kulembetsa kuboma ndipo amakhala ndi baji ndi chiphaso, choncho kupempha kuziona si mwano. Amanyamula tchubu, pampu, zolumikizira tcheni ndi bokosi la mankhwala. Gulu likapitirira anthu 6 kapena 8 pamafunika wachiwiri wotsalira kumbuyo, apo ayi wofooka amasiyidwa pamphambano osadziwa kolowera. Madzi tengani anu, malita awiri, osadalira kabotolo kamene amapereka. Chakudya cha masana nthawi zambiri sichikhala m'kati mwa mtengo, ndipo malo odyera a ku Camps Bay ndi odula. Kuika buledi ndi nthochi m'chikwama si umphawi.

Kwa agogo, kapena aliyense amene papita zaka asanakwere njinga, musakakamize. Gulani tikiti ya cable car yokha. Mabasi ofiira onyamula alendo amaima pasiteshoni yapansi pomwepo, ndipo gawo lokongola kwambiri la tsikulo adzaliona ndithu. Amene angatengeke mtima n'kufuna kugula njinga yotere kuti abwere nayo kumudzi, adziwe kuti batire yake siloledwa m'ndege ya anthu, popeza malire ake ndi 160 Wh. Iyenera kubwera pamsewu, ndipo ikafika kuno isamasiyidwe padzuwa kapena kuchajidwa ikadali yotentha, chifukwa kutentha kumaikalambitsa msanga.

Pa nyengo, kumbukirani kuti Cape Town imayenda mosiyana ndi ife: mvula yawo imagwa Meyi mpaka Ogasiti, pamene kwathu kwauma, ndipo m'miyezi yozizira imeneyo, kawirikawiri cha mu Julaye ndi Ogasiti, cable car imatsekedwa kwa masabata angapo kuti ikonzedwe. Disembala ndi Januwale kumakhala mizere yaitali komanso mphepo. Malichi ndi Epulo ndiyo miyezi yabata. Mwini pasipoti ya Malawi amaloledwa masiku 30 popanda viza, choncho ikani ulendowu m'sabata yoyamba kuti mphepo ikakulepheretsani mukhale ndi tsiku lina, ndipo m'mawa wa tsikulo onani pa intaneti ngati cable car yatsegulidwa musanachoke panyumba.