Mfuti ya M7 ya asilikali a ku America: imaboola, koma zipolopolo zimatha msanga

Mu Epulo 2022 gulu la asilikali apamtunda la dziko la America linapatsa kampani ya SIG Sauer ntchito ya zaka khumi yopanga mfuti zatsopano za asilikali oyenda pansi. Mfuti ya M7 ikulowa m'malo mwa M4A1 (mtundu wa mfuti ya M4), ndipo yachiwaya ya M250 ikulowa m'malo mwa M249. Oyamba kuzilandira anali asilikali a gulu la 101st Airborne Division ku Fort Campbell mu Malichi 2024. Si msilikali aliyense adzaigwire M7: ndi ya okhawo omenyana ndi adani maso ndi maso, ena onse atsala ndi M4.

Nkhani yonse yagona pa chipolopolo. Cha M4 ndi cha 5.56x45mm, chopepuka, chimene mayiko a mgwirizano wa chitetezo wa NATO amagwiritsa ntchito. Ku Afghanistan asilikali ankaomberedwa kuchokera pamapiri ndi mfuti zachiwaya za PKM, adani ali patali poti 5.56 ikamafika imakhala italefuka. Akuluakulu ankadanso nkhawa ndi zovala zotchinga zipolopolo zimene mayiko ngati Russia ndi China akupanga. Choncho anasankha 6.8x51mm. Chigoba chake n'chachilendo: thunthu ndi lamkuwa koma tsinde ndi lachitsulo, kuti chipirire mphamvu ya wonga yofika 80,000 psi (muyeso wa mphamvu yokankha ya mpweya), pamene ya 5.56 imathera cha m'ma 62,000. N'chifukwa chake mpope wa M7 ndi waufupi, masentimita 33 okha, koma chipolopolo chimatuluka ndi liwiro lalikulu ndithu. Apa amisiri anagwira ntchito yotamandika.

Mtengo wake wa mphamvuzo amalipira ndi msana wa msilikali. M4A1 yopanda kanthu imalemera pafupifupi makilogalamu 2.9. M7 inabwera ikulemera 3.8, ndipo mukamangirira chochepetsa phokoso, chimene chimayenera kukhalapo nthawi zonse, imafika 4.5. Apo simunaikepo magazini kapena choonera. Kulemerako kwapendekera kutsogolo, moti munthu akailoza kwa mphindi zingapo ataimirira, dzanja lamanzere limayamba kunjenjemera, ndipo m'nyumba zothinana kapena potuluka m'galimoto imavuta kutembenuza.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi magazini. Ya M4 imalowa zipolopolo 30, ya M7 zipolopolo 20. Msilikali wonyamula magazini 7 anali ndi zipolopolo 210, pano ali ndi 140, koma katundu wa zipolopoloyo walemera ndi pafupifupi kilogalamu imodzi kuposa kale. Wina anganene kuti chipolopolo chimodzi champhamvu chimaposa zitatu zofooka. Pa bwalo lophunzirira kuombera n'zoona. Pankhondo zipolopolo zambiri sizilasa munthu. Ntchito yake ndi kuchititsa mdani kubisa mutu pamene anzako akuthamangira malo ena. Ntchito imeneyi imafuna kuchuluka, ndipo gulu la anthu 9 likataya zipolopolo 70 pa mfuti iliyonse, mphindi zoti lipanikize mdani zimachepa. Mfuti yakale ya M14 ya zipolopolo 20 za 7.62mm inachotsedwa m'ma 1960 ku Vietnam pa zifukwa zofanana ndi zimenezi.

Kapangidwe ka mkati n'kabwino. Mpweya wa wonga umakankha pisitoni yaifupi m'malo molowa mkatikati mwa mfuti ngati mmene zimakhalira mu M4, choncho mwaye suchuluka pa zitsulo zoyenda. Chitako chimapindika. Zokokera zolowetsera chipolopolo mumpope zilipo ziwiri, china kumbuyo monga anazolowera a M4, china kumanzere. Ziwirizi zikuoneka ngati kampani inkaopa kukhumudwitsa aliyense, ndipo chitsulo chilichonse choonjezera ndi kulemera koonjezera. Mphamvu ya 80,000 psi ndi kutentha kwake zimadyanso mpope msanga kuposa chipolopolo chofatsa. Mu 2025 kaputeni wina wa gulu la asilikali apamtunda anaulutsa poyera kuti anaona mipope yoperepeseka mkati ndiponso kuti asilikali ankathera zipolopolo msanga pa zoyeserera; a SIG Sauer anatsutsa zambiri mwa zimene ananena.

Choonera cha M157, chopangidwa ndi Vortex Optics, ndicho chimapatsa mfutiyi tanthauzo. Chimakuza chinthu kuyambira 1 mpaka ka 8, chimayeza mtunda ndi leza, n'kuwerengera kugwa kwa chipolopolo, kenako n'kuonetsa kadontho pamene muyenera kuloza. Mabatire akatha galasi limagwirabe ntchito, chifukwa mizere yolozera inalembedwa pagalasi penipenipo. Popanda chida chimenechi, msilikali wamba sangapindule ndi mtunda umene 6.8 imafika. Koma nachonso n'cholemera, ndipo chimafuna mabatire ndi maphunziro.

M250 ndiye yagwira mtima. Imalemera pafupifupi makilogalamu 6, kupepuka kuposa M249, koma imaponya chipolopolo champhamvu zoyandikira za mfuti zachiwaya zazikulu. Chilema chake n'chakuti mpope wake sungasinthidwe mwachangu ukatentha, choncho woombera ayenera kuombera modukizadukiza.

Palinso vuto la kagawidwe. Mayiko ena a NATO akadali pa 5.56 ndi 7.62, moti msilikali wa M7 sangapemphe magazini kwa mnzake wa ku Britain kapena Poland, ngakhale kwa woyendetsa galimoto wa gulu lake lomwe amene ali ndi M4. Fakitale ya boma ya Lake City ku Missouri inayamba kumangidwira nyumba yatsopano yopangira 6.8 mu 2025, ndipo asilikali a gulu lina la ku America la Marine Corps asankha kukhalabe ndi mfuti yawo ya M27 ya 5.56.

Kumapiri ndi m'zigwa zoyera, kumene mdani amaoneka ali pa mamita 500, M7 ndi M157 zikuposa M4 kutalitali. M'nkhalango, m'ngalande ndi m'misewu ya m'tauni, kumene kumenyana kumachitikira pafupi, gulu lingachite bwino kutenga M250, n'kupereka M7 kwa akatswiri olasa awiri, otsalawo n'kusunga magazini awo a zipolopolo 30.