Katemera wa Rotarix: ubwino wake ndi pamene akuperewera

Katemera wa Rotarix, yemwe amapangidwa ndi kampani ya GlaxoSmithKline, adayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu Okutobala 2012 pofuna kuwateteza ku rotavirus, kachilombo koyambitsa kutsekula m'mimba ndi kusanza mpaka mwana kutha madzi m'thupi. Kaperekedwe kake ndi kosavuta, ndipo ichi ndi choyamba kuyamikira. Palibe jakisoni. Ku sikelo, mlangizi wa zaumoyo amamupendeketsa mwana ali m'manja mwa mayi ake, n'kumadonthezera madziwo pang'onopang'ono m'kati mwa tsaya kuti asalavule, koyamba mwana akakwanitsa masabata 6 ndipo kachiwiri akakwanitsa masabata 10. Chovuta n'chakuti katemerayu amafuna kusungidwa mufiriji, zomwe sizophweka kumadera kumene magetsi ndi osadalirika.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mdani amene katemerayu akulimbana naye. Rotarix adapangidwa kuchokera ku mtundu umodzi wokha wa kachilomboka, wotchedwa G1P[8], umene adaupeza mwa mwana wa ku Cincinnati ku America n'kuufooketsa. Koma banja la rotavirus ndi lalikulu kwambiri. Magulu D, F ndi G amapezeka mu mbalame, pomwe gulu A, lomwe limavutitsa kwambiri ana, limagwiranso ng'ombe, nkhumba, mbuzi, agalu, mileme, nkhuku ngakhalenso nkhunda, ndipo mu 2016 lidapha nkhunda zambiri ku Australia. Majini (genes), omwe ndi malangizo a chibadwa cha kachilomboka, ali m'zidutswa 11, kotero kuti mitundu iwiri ikakumana m'matumbo amodzi imatha kusinthana zidutswa n'kubala mtundu watsopano. Kwa ife amene khola limakhala pafupi ndi khomo la nyumba, iyi si nkhani yakutali. Ofufuza a ku Blantyre, amene akhala akuyeza chimbudzi cha ana odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth kuyambira mu 1997, adapeza kuti mtundu wina wa m'gulu A wotchedwa G8, womwe kawirikawiri umapezeka mu ng'ombe, udali wofala mwa ana a kuno.

Kodi katemera wa mtundu umodzi angathane ndi zonsezi? Zotsatira za kafukufuku zomwe zidatuluka mu 2010 zidaonetsa kuti Rotarix adachepetsa matenda aakulu ndi 49 pa 100 m'Malawi, pomwe ku South Africa adachepetsa ndi 77 pa 100. Chiwerengero chathuchi n'chokhumudwitsa, koma tiyenera kuchiwerenga mosamala, chifukwa ana opulumutsidwa ku matenda aakulu pa ana 100 alionse adali ambiri kuno kuposa kumeneko, popeza nthendayi ndi yochuluka kwathu. Katemerayu adatetezanso ku mitundu ina yosiyana ndi G1P[8], zomwe zikusonyeza kuti kufooka kwake sikuchokera pa kuchuluka kwa mitundu kokha. Akatswiri amatchulanso kunyentchera ndi matenda ena a m'matumbo mwa zinthu zimene zimalepheretsa thupi la mwana kulandira bwino katemera wa m'kamwa. Katemerayu atafalikira m'dziko muno, kafukufuku wa ku Mchinji adapeza kuti imfa za makanda zobwera ndi kutsekula m'mimba zidatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo pa ine umboni umenewu ndi wokwanira kuti kholo lililonse lipititse mwana kukalandira maulendo onse awiri.

Komabe chitetezo chake chimaoneka kuti chimachepa mwana akalowa chaka chachiwiri, motero Thanzi ORS ndi zinki siziyenera kusowa pakhomo. Ndikadakondanso kuti a zaumoyo ndi alangizi a ziweto azigwirira ntchito limodzi, kuti pamene chimbudzi cha ana chikuyezedwa m'zipatala, ndowe za ana a ng'ombe ndi nkhumba komanso zitosi za nkhuku za m'midzi yomweyo ziziyezedwanso, mtundu watsopano uzidziwika usanadzaze mawodi a ana.