Revit ndi siling'i yotsata denga: zimene ndinaona pa holo ya ku Senga Bay

Ntchito yake inali holo yodyeramo pa kaloji kena ku Senga Bay, mamita 6 m'lifupi, 9 m'litali. Mwini wake anakanitsitsa siling'i yafulati. Ankafuna matabwa a paini otsata denga mbali zonse zinayi mpaka pamsonga, kuti mpweya wotentha wa mu Okutobala uzikwera m'mwamba, usamakhale pamitu ya alendo. Denga linali la madigiri 30, makoma mamita 2.7.

Ndakhala ndikujambula mapulani ndi Revit, pulogalamu ya pakompyuta yojambulira nyumba, kwa zaka zingapo, koma masiling'i anga onse anali afulati: kudina m'chipinda, pulogalamu n'kuzungulira makoma yokha, basi. Apa m'pamene ndinadziwa kuti chida cha Ceiling chimalola kupendekeka kumodzi pa siling'i imodzi. Umajambula malire, n'kuika kamuvi kotchedwa Slope Arrow, n'kukauza kutalika kwa kumchira ndi madigiri ake. Mbali zinayi ndiye kuti masiling'i anayi, ziwiri zazitali ndi ziwiri za makona atatu kumapeto.

Tsiku loyamba ndinataya madzulo onse chifukwa cha kupupuluma kwanga. Mchira wa kamuvi kamodzi ndinauyambira pakati pa khoma, inayo pankhope ya m'kati. Pa pulani zonse zinkaoneka bwino. Nditadula section, chithunzi choonetsa nyumba ngati yadulidwa pakati, ndinapeza mbali imodzi yakwera kuposa inzake, pamsonga pali mpata woti buluzi n'kudutsa. Kenako ndinatsegula pulani ya siling'i n'kupeza pakati palibe kanthu, mtima phaa, kuganiza kuti ndafufuta. Ayi ndithu, msonga uli pa mamita pafupifupi 4.4, pomwe View Range yanga, malire a kutalika komwe pulani imaonetsa, inathera m'munsi. Kukweza nambala imodzi, zonse zinabwerera.

Mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi anandiuza njira yachidule: usavutike, jambula denga lachiwiri lopyapyala ndi Roof by Footprint, ulitche siling'i. Ndinayesa, ndipo kunena zoona n'kokoma. Umangochonga Defines Slope pa mizere inayi, makona onse amakumana okha bwinobwino mumphindi ziwiri. Koma pulogalamuyo imadziwabe kuti chimenecho ndi denga. Magetsi opangidwira kumamatira ku siling'i amakana kukhalapo, pokhapokha utasankha omwe amamatira pankhope iliyonse, ndipo pa ndandanda ya zipangizo matabwa ako amakawerengedwa limodzi ndi malata. Pa chithunzi choonetsa kasitomala njirayi ndi yabwino. Pa mapepala opita kwa owerengera mtengo, ine ndinabwerera ku masiling'i anayi aja.

Ndipo apa m'pamene Revit inandigwira mtima. Imakukakamiza kuganiza ngati kalipentala amene adzakwere pa sikafodi: thabwa ili likuyambira pati, likuthera pati, likukumana ndi linzake pa ngodya yanji. Ukakhoza kamodzi, ma section onse amasintha okha. Khoma logawa khitchini ndinalimangirira ku siling'i ndi Attach Top, linadzidula lokha motsata kupendekeka. Mwini malo atasintha maganizo kuti tikweze makoma ndi mizere iwiri ya njerwa, sindinajambulenso chilichonse, ndinangosintha manambala. Amene tinayambira pa AutoCAD, pulogalamu yojambulira mzere ndi mzere, tikudziwa kuti kale zimenezi zinali usiku wathunthu.

Chinthu china chimene chinandipulumutsa ndi kuona siling'iyo mu 3D ndisanalembe oda. Pansi pa holoyo ndi masikweya mita 54, ndipo kapitawo anali atawerengera kale matabwa pa nambala imeneyo. Koma chopendekeka madigiri 30 chimadya zambiri: gawa 54 ndi 0.866, upeza kupitirira 62, osawerengera zodulidwa m'makona, zomwe pa denga la mbali zinayi zimachuluka. Matabwa akanatithera ntchito ili pakati, galimoto n'kubwereranso ku Lilongwe.

Za mtengo ndinene mwachidule. Kampani ya Autodesk, imene inagula Revit mu 2002, masiku ano imagulitsa polipira mwezi ndi mwezi kapena pachaka, ndipo ndi madola. Aliyense amene wayesapo kupeza madola kuno akudziwa tanthauzo lake. Ophunzira ali ndi mwayi wa laisensi yaulere ya sukulu. Revit imayenda pa Windows basi, ndipo laputopu ya RAM yochepa imalira. Yanga ili ndi 16 GB, holo yaing'ono ngati iyi imainyamula popanda vuto.

Kwa munthu amene amangofuna chithunzi chokongola cha nyumba imodzi, pulogalamu ina yotchedwa SketchUp ndi yofulumira, siling'i ngati iyi umaikoka ndi dzanja m'mphindi zochepa. Ine amene ndimapereka mapulani ku khonsolo, kwa injiniya ndi kwa kalipentala kuchokera mu fayilo imodzi, ndikhalabe pa Revit. Section ya pamsonga ija ndinaisindikiza pa A3, akalipentala anaikhomera pa chitseko cha sitolo ya simenti ndipo ankapita kukaiyang'ana asanadule thabwa la pakona lililonse.