FTIR Kapena OIT: Tiyeze Bwanji Pulasitiki Wopsa ndi Dzuwa ku Tete?

Kuchigwa cha Zambezi kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala, ndipo pulasitiki amakalamba msanga. Dzuwa ndi okosijeni zimadula tizingwe ta polyethylene (mtundu wa pulasitiki wopangira mapaipi), mapaipi a madzi nkuyamba kung'aluka. Njira ziwiri za mu labotale zodziwira kuti kuwonongekaku kwafika pati ndi FTIR ndi OIT.

FTIR (Fourier-transform infrared spectroscopy) imawalitsa infrared, kuwala kosaoneka ndi maso, pa pulasitiki nkuyeza kumene kwamezedwa. Okosijeni akalowa amasiya ma carbonyl (okosijeni wolumikizana ndi kaboni wa m'tizingwe tija), omwe amaoneka pafupi ndi 1715 cm⁻¹ pa sikelo ya makinawo; chizindikirochi chikamakula, kuwonongeka kwapita patali. OIT (oxidation induction time) imatenthetsa kachidutswa ka pulasitiki mu nayitrojeni mpaka madigiri 200, kenako nkulowetsa okosijeni, nkuwerenga mphindi mpaka kayambe kuwonongeka. Paipi yatsopano ya madzi iyenera kupirira mphindi 20.

Choonetsa: FTIR, zimene zawonongeka kale; OIT, mankhwala oteteza pulasitiki ku okosijeni amene atsalamo.
Kachidutswa: FTIR imakasiya, OIT imakawononga.
Nthawi: FTIR mphindi zochepa, OIT imachedwa, imafunanso masilinda a nayitrojeni ndi okosijeni.

Koma samalani: FTIR ya ATR, yomwe imayeza pokanikiza pulasitiki pa kagalasi, imangoona khungu, mamaikilomita ochepa chabe (mamaikilomita 1,000 ndi milimita imodzi). Khungu limatha kupsa m'kati muli bwino, choncho chekani muyezenso m'katimo. Paipi yakuda imavutanso, chifukwa carbon black, ufa wa kaboni woidetsa, amameza kuwala. Pamenepo pamafunika galasi la ATR lopangidwa ndi mwala wa germanium.

Wofufuza chimene chang'alula thanki kapena pepala la nazale ku Ulónguè asankhe FTIR, ndipo ndiyo imene ine ndimaikonda pophunzitsira. Wogula mapaipi ambiri othirira madimba ku Angónia apemphe zotsatira za OIT asanalipire.