Ulendo wapansi m'nkhalango ya Loita ndi operekeza a Chimaasai

Kwa ife a ku Blantyre amene tinazolowera kukwera phiri la Mulanje, komwe katundu amasenzedwa ndi anthu, ulendo wa masiku angapo m'nkhalango ya Loita ku Kenya ndi wachilendo ndithu, chifukwa kumeneko mahema, chakudya ndi madzi zimanyamulidwa ndi abulu, ndipo mlendo amangobereka kachikwama kake. Nkhalangoyi, imene eni ake, anthu a mtundu wa Amaasai, amaitcha Naimina Enkiyio, ili m'dera la Narok, kum'mawa kwa malo osungirako nyama zakuthengo a Maasai Mara.

Chimene ndinachiyamikira koposa ndi luso la otiperekeza. Bambo wina wachikulire ankaima pa ndowe za njovu, n'kuzikhudza ndi dzanja kuti amve ngati zidakali zofunda, kenako n'kutisinthitsa njira mwakachetechete, popeza njovu ndi njati zimapezekadi m'menemo. Anationetsanso apusi a ubweya wakuda ndi woyera otchedwa colobus, komanso makungwa amene amawiritsa mu msuzi wa nyama ngati mankhwala. Abulu aja ankasamalidwa bwino, moti sindinaone ngakhale mmodzi wa chilonda pamsana.

Chodandaulitsa n'chakuti kampani imene inakonza ulendowu sinatichenjeze mokwanira za kuzizira. Malowa ndi okwera kupitirira mamita 2,000, choncho usiku kumazizira ngati pa Mulanje m'mwezi wa Juni, pomwe zofunda zimene anatipatsa zinali zopyapyala. Mtengo nawonso amautchula m'madola, zomwe n'zolemetsa kwa munthu wolandira makwacha. Amene akufuna kupita atenge jekete lochindikala ndi nsapato zimene phazi linazolowera kale, ndipo apewe mvula yambiri ya mu Epulo ndi Meyi.